Makina owerenga nkhope: zaka zoposa 160 zofunafuna mtima wa munthu pa masaya ake

Mu 1862 dokotala wa matenda a mitsempha wa ku France, Guillaume Duchenne de Boulogne, adatulutsa buku la zithunzi zomwe mpaka lero zimachititsa nthumanzi. Pa zambiri mwa zithunzizo pali mkulu wina wokalamba, wowonda, wopanda mano, ndipo pambali pake pali dokotalayo atakhudzitsa tizitsulo ta magetsi pa nkhope ya mkuluyo. Apa nkhalambayo ikuoneka ngati yafa ndi phwete. Apo maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, khosi litakungika ngati munthu amene waona imfa. Koma mumtima mwake mudalibe phwete kapena mantha. Khungu la nkhope yake silinkamva ululu kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake Duchenne adamusankha. Ankadutsitsa magetsi pa mnofu umodzi, mnofuwo n'kukokeka, chithunzi n'kutoledwa msanga nkhope isanabwerere m'malo mwake.

Duchenne ankakhulupirira kuti Mlengi adaika pa nkhope ya munthu chinenero chimodzi cha anthu onse, ndipo kuti mnofu uliwonse uli ndi zake zomwe umanena. Adaonadi zinthu zomwe ena asanazione. Iye ndiye adasonyeza kuti kumwetulira kuli pawiri: kwina kumakoka milomo yokha, kwina kumakokanso mnofu wozungulira diso mpaka masaya kukwera ndi timakwinya kuoneka m'mbali mwa maso. Kumwetulira kwachiwiriku mpaka pano akatswiri amakutchula ndi dzina lake. Komabe tisaiwale pomwe nkhaniyi idayambira. Sayansi yowerenga mtima pa nkhope idabadwira pa nkhope yomwe inkaonetsa zinthu zomwe mwini wake sankazimva, ndipo vuto limeneli layenda nayo ulendo wonse mpaka kulowa m'makompyuta a masiku ano.

Zithunzi za Duchenne zidafika m'manja mwa Charles Darwin ku England. Darwin ankazionetsa kwa alendo obwera kunyumba kwake n'kumawafunsa kuti munthuyu akumva chiyani. Pa zithunzi zina alendowo ankagwirizana, pa zina aliyense ankanena zake. Adatumizanso mafunso kwa amishonale, akuluakulu a boma la atsamunda ndi anthu ena okhala kumaiko akutali, kuwafunsa ngati anthu a kumeneko amatong'ola maso akadabwa, kapena kuchita tsinya akamaganiza mozama. Adalandira mayankho 36. Ambiri adali a azungu ofotokoza za eni dziko, koma limodzi lidachokera kwa Christian Gaika, mbale wake wa mfumu Sandile ya Axhosa ku South Africa, yemwe adalemba yekha za anthu a mtundu wake. Mu 1872 Darwin adatulutsa buku lake lonena za momwe anthu ndi nyama amaonetsera za mumtima, ndipo mfundo yake idali yoti zizindikiro zikuluzikulu za pa nkhope n'zobadwa nazo, zofanana kulikonse, chifukwa anthu tonse tidachokera ku tsinde limodzi.

Kwa zaka zambiri bukulo lidangokhala. Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, monga Margaret Mead wa ku America, ankaphunzitsa kuti munthu amaphunzira kagwiritsidwe ntchito ka nkhope yake monga momwe amaphunzirira chinenero cha makolo ake.

Ulendo wa ku mapiri a New Guinea

Amene adadzutsa maganizo a Darwin ndi Paul Ekman, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku San Francisco. Ndi ndalama zochokera ku nthambi ya kafukufuku ya unduna wa chitetezo wa dziko la America, Ekman adaonetsa zithunzi za nkhope kwa anthu a ku Brazil, Japan, Argentina, Chile ndi America, ndipo mayankho ankafanana. Otsutsa adati anthu onsewa amaonera makanema amodzimodzi, ndiye n'zosadabwitsa. Pamenepo mu 1967 ndi 1968 iye adapita kwa anthu a mtundu wa Fore ku mapiri a Papua New Guinea, komwe ambiri adali asanaonerepo kanema kapena kuwerenga magazini.

Njira yomwe adagwiritsa ntchito ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa mkangano wonse wa pambuyo pake wagona pamenepo. Womasulira ankakamba kankhani kakafupi: mwana wa munthu uyu wamwalira, kapena mnzake wabwera kudzamuona, kapena wakumana ndi nguluwe yolusa ali yekha wopanda chida. Kenaka ankaika zithunzi zitatu, kapena ziwiri kwa ana, patsogolo pa womverayo kuti aloze chomwe chikugwirizana ndi nkhaniyo. Pa zotsatira zomwe Ekman ndi mnzake Wallace Friesen adafalitsa mu 1971, akuluakulu 189 ndi ana 130 nthawi zambiri ankaloza chithunzi chomwe Mmereka akadaloza, kupatula kuti ankasokoneza mantha ndi kudabwa. Kuchokera apo kudakhazikika chiphunzitso chomwe chidalowa m'mabuku a sukulu padziko lonse: pali zinthu zisanu ndi chimodzi zomwe nkhope ya munthu aliyense imaonetsa mofanana, zomwe ndi chimwemwe, chisoni, mkwiyo, mantha, kunyansidwa ndi kudabwa.

Komabe zithunzi zomwe Afore ankaloza zidali za anthu ongoyerekezera, okokomeza nkhope dala kuti kamera ione bwino. Ndipo munthu ukampatsa zithunzi zitatu zokha, chimodzi chikumwetulira pomwe nkhani ndi ya maliro, wamuchepetsera ntchito kwambiri. James Russell, katswiri wina wa za maganizo, adalemba zimenezi mwatsatanetsatane mu 1994. Koma nthawi imeneyo chiphunzitsocho chidali chitamera kale mizu.

Ntchito ya Ekman yomwe ine ndimaiona kuti ndi yolimba kuposa zonse idabwera mu 1978. Iye ndi Friesen, potsatira zomwe katswiri wa ziwalo za thupi wa ku Sweden, Carl-Herman Hjortsjö, adayamba, adatha zaka akuyang'ana pa galasi, akuphunzira kusuntha mnofu uliwonse wa nkhope paokha. Pomwe ankakayikira, Ekman ankalola kubayidwa singano m'mnofu kuti atsimikize kuti ndi uti womwe ukukoka. Zotsatira zake zidali dongosolo lotchedwa FACS, lomwe lidagawa kayendedwe konse ka nkhope m'tizigawo topitirira 40, kalikonse ndi nambala yake. Nambala 1 ndi kukweza nsidze cha pakati. Nambala 4 ndi kutsitsa nsidze, tsinya lija. Nambala 6 ndi kukwera kwa masaya, 12 ndi kukoka m'mbali mwa milomo kupita m'mwamba. Ukaphatikiza 6 ndi 12 wapeza kumwetulira kwa Duchenne.

Ubwino wa dongosololi ndi kudzichepetsa kwake. Silinena kuti munthuyu wakwiya. Limangonena kuti nsidze zatsika, milomo yafinyana, kwa mphindi zakutizakuti. Koma ndi ntchito yowawa. Munthu amafunika maola pafupifupi 100 kuti aliphunzire, ndipo kulemba manambala a vidiyo ya mphindi imodzi kumatha kudya ola lathunthu kapena kupitirira, akuimitsa chithunzi chimodzichimodzi. Kutopa kumeneku ndiko kudapangitsa ofufuza kuyamba kufunsa ngati kompyuta singawalandire katunduyu.

Kuphunzitsa kompyuta kuona

Kompyuta siona diso kapena mphuno. Chithunzi kwa iyo ndi mndandanda wa timadontho masauzande, kadontho kalikonse kali ndi nambala yosonyeza kuwala kapena kuda kwake. Kuti ifike ponena kuti nkhope iyi ikumwetulira, iyenera kuyamba yapeza pomwe pali nkhope pakati pa makoma, mitengo ndi malaya, kenaka iyeze zomwe zikuchitika pa nkhopeyo, pomaliza isankhe dzina loti ipereke. Pa masitepe atatuwa, lililonse lidatenga zaka.

Oyamba kuyesa adali a ku Japan. Mu 1973 Takeo Kanade, ali wophunzira pa yunivesite ya Kyoto, adalemba pulogalamu yomwe inkapeza yokha maso, mphuno ndi pakamwa pa chithunzi, ngakhale cholinga chake chidali kuzindikira kuti munthuyo ndani. Mu 1978 gulu la wofufuza wina dzina lake Suwa lidayesa kutsatira madontho 20 pa nkhope yoyenda m'kanema kuti lione momwe ikusinthira. Makompyuta a nthawiyo adali ofooka, ndipo nkhaniyi idagona zaka zoposa khumi mpaka 1991 pomwe Kenji Mase adasonyeza njira yoyezera komwe khungu likulowera kuchokera pa chithunzi china kufika pa chotsatira, m'mwamba kapena m'munsi, mofulumira kapena pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1990 ntchitoyi idafalikira ku yunivesite ya MIT, ku yunivesite ya Maryland, ku Carnegie Mellon ndi ku San Diego.

Ofufuza adagawikana pawiri. Ena ankakhulupirira kuyeza mitunda: kuika timadontho pa ngodya za maso, pa nsonga za nsidze ndi m'mbali mwa milomo, n'kumaona momwe tikutalikirana kapena kuyandikirana. Gulu la Tim Cootes ndi Chris Taylor ku Manchester lidapanga njira zoti timadonthoti tizidzipezera tokha malo ake. Ena ankati mitunda yokha siikwana, chifukwa zambiri zili m'makwinya ndi m'mithunzi ya khungu, monga mzera wochoka pa mphuno kutsikira kukamwa munthu akanyansidwa. Njira imodzi yotchuka ya gulu limeneli idachokera ku yunivesite ya Oulu ku Finland, ndipo ndi yosavuta modabwitsa. Umatenga kadontho kamodzi n'kukayerekeza ndi anzake asanu ndi atatu okazungulira. Wowala kuposa iko umamulemba 1, wakuda umamulemba 0. Ukachita zimenezi pa nkhope yonse n'kuwerengetsa kuti mitundu iti ya manambala yachuluka pa chipumi, iti pa masaya, umapeza chizindikiro cha makwinya chomwe sichisintha kwambiri ngakhale chipinda chiwale kapena chide.

Njira zonsezi zinkafuna zitsanzo zophunzirirapo, ndipo apa mpomwe mzimu wa zithunzi zoyerekezera udalowera m'makina. Mu 1998 Michael Lyons ndi anzake adajambula zithunzi 213 za akazi khumi a ku Japan pa yunivesite ya Kyushu, aliyense akupanga nkhope zisanu ndi imodzi zija kuphatikizapo nkhope yongokhala. Mu 2000 Jeffrey Cohn wa ku Pittsburgh ndi Kanade uja, yemwe tsopano adali ku Carnegie Mellon, adatulutsa gulu la mavidiyo lomwe lidakhala muyeso wa aliyense kwa zaka zambiri. Atalikulitsa mu 2010 lidali ndi timavidiyo 593 ta anthu 123. Aliyense ankakhala moyang'ana kamera, m'chipinda chowala bwino, n'kuuzidwa kuti ayambe ndi nkhope yongokhala kenaka aikoke mpaka pamapeto. Mwa anthu omwe adajambulidwa pa ntchitoyi, 81 pa 100 alionse adali azungu, 13 okha akuda. Pa mavidiyo otere mapulogalamu adayamba kukhoza kupitirira 90 peresenti. Akawatulutsa panja, pomwe munthu amayang'ana kumbali, akutafuna, dzuwa likumuomba tsaya limodzi, manambalawo ankagwa kwambiri.

Sitepe yoyamba ija, yopeza nkhope, idatheka bwino mu 2001. Paul Viola ndi Michael Jones adaona kuti pafupifupi nkhope iliyonse ili ndi malo a maso akuda kuposa masaya, ndi msana wa mphuno wowala kuposa maso. Adakonza mafunso ang'onoang'ono otere motsatizana, kuti gawo la chithunzi lomwe lalephera funso loyamba litayidwe pomwepo osatayirapo nthawi. Kompyuta wamba ya nthawiyo idayamba kupeza nkhope pa zithunzi 15 pa sekondi imodzi. Kabokosi kaja kamene kamazungulira nkhope mukamajambula ndi foni kadachokera ku nzeru imeneyi. Pofika 2007 kampani ya Sony inkagulitsa makamera odzijambulira okha munthu akangomwetulira. Mu 2009 kampani ya sitima za pamtunda ya Keikyu ku Japan idaika makina a kampani ya Omron oti ogwira ntchito aziyezetsa kumwetulira kwawo asanayambe ntchito, makinawo n'kumawapatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Pasanathe zaka ziwiri chipangizo chojambulira zikondwerero za pabanja chidali chitasanduka kapitawo.

Si onse omwe adalowa m'ntchitoyi ndi mtima wa ukapitawo. Rosalind Picard wa ku MIT adalemba buku mu 1997 lonena kuti makina omwe sazindikira kuti munthu wakhumudwa kapena watopa sangamutumikire bwino. Rana el Kaliouby, mayi wa ku Egypt yemwe adachita maphunziro ake a udokotala wa sayansi ya makompyuta ku Cambridge, adagwirizana naye kuti apange kachipangizo kothandiza anthu a vuto la autism, omwe ambiri amavutika kumva zomwe nkhope za anzawo zikunena. Mu 2009 awiriwa adakhazikitsa kampani ya Affectiva. Ndalama sizidachokere ku zipatala kapena ku sukulu za ana olumala. Zidachokera kwa otsatsa malonda, omwe ankafuna kudziwa sekondi yeniyeni yomwe woonera wamwetulira kapena wagwa ulesi. Mu 2021 kampaniyo idagulidwa ndi Smart Eye ya ku Sweden, yopanga makamera oyang'anira madalaivala, pa mtengo wa madola 73.5 miliyoni.

Ku San Diego, gulu la Marian Bartlett lidachita kafukufuku yemwe amasonyeza bwino mphamvu yeniyeni ya makinawa. Anthu adaviika mkono m'madzi oundana mpaka kumva ululu weniweni, kenaka adaviika m'madzi ofunda n'kumanamizira ululu. Oonera mavidiyowo, ngakhale ataphunzitsidwa, ankalondola pafupifupi 55 peresenti yokha, kungoposa pang'ono kulota. Kompyuta idalondola 85 peresenti, makamaka chifukwa idaona kuti wonamizira amatsegula ndi kutseka pakamwa mwadongosolo kwambiri, pomwe womva ululu weniweni alibe ndondomeko. Zotsatirazi zidatuluka mu 2014, ndipo mu 2016 kampani yawo, Emotient, idagulidwa ndi Apple.

Cha m'ma 2012 kapangidwe ka mapulogalamuwa kadasinthiratu. M'malo moti munthu auze kompyuta kuti iyeze nsidze kapena makwinya, ofufuza adayamba kuithira zithunzi zochuluka zokhala ndi mayankho ake, iyo n'kumadzipezera yokha zoyang'ana, ikusintha timanambala mamiliyoni mkati mwake nthawi iliyonse yomwe yalakwa. Njala ya zithunzi idakula. Pa mpikisano wa mu 2013 adasonkhanitsa tizithunzi 35,887 kuchokera pa Google, tating'onoting'ono, ta madontho 48 m'litali ndi 48 m'lifupi. Wopambana, Yichuan Tang, adakhoza 71 peresenti. Chochititsa chidwi n'choti anthu enieni atayesedwa pa zithunzi zomwezo ankakhoza pafupifupi 65 peresenti. Mu 2017 a yunivesite ya Denver adatola zithunzi zoposa miliyoni imodzi pa intaneti, ndipo pafupifupi 450,000 mwa izo zidalembedwa mayankho ndi anthu olembedwa ntchito.

Apa pali funso lomwe limabisika mosavuta. Yankho lolondola limachokera kwa ndani? Palibe amene adapita kwa mwini nkhopeyo kukamufunsa zomwe ankamva tsiku lomwe ankajambulidwa. Munthu wachilendo adayang'ana chithunzi kwa kanthawi n'kusankha dzina limodzi pa mndandanda womwe adapatsidwa. Choncho pulogalamu ikakhoza 90 peresenti, tanthauzo lake n'loti yaphunzira kulota monga momwe olemba mayankhowo ankalotera. Akale adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Makinawa adaphunzira kuyeza gombe la tsidya lino mwaluso lomwe munthu sangalifike, koma sadawoloke.

Umboni utayamba kutsutsa

Pomwe makampani ankagulitsa, akatswiri ena a za maganizo adabwerera kumidzi yakutali ndi njira zina zofunsira. Maria Gendron, wa gulu la Lisa Feldman Barrett, adapita kwa Ahimba kumpoto kwa Namibia ndi zithunzi 36 za nkhope zoyerekezera. Sadawapatse maina oti asankhepo. Adangowapempha kuti aunjike pamodzi nkhope za anthu omwe akumva zofanana. Chiphunzitso cha Ekman chikadakhala cholondola ndendende, pakadatuluka milu isanu ndi umodzi. Ahimba adapanga mulu wa omwetulira ndi mulu wa otong'ola maso, koma nkhope za tsinya, zachisoni ndi zonyansidwa adazisakaniza. Ndipo pofotokoza miluyo ankakonda kunena zomwe munthuyo akuchita, kuti akuseka kapena akuyang'ana chinachake, osati zomwe zili mumtima mwake. Zimenezi zidafalitsidwa mu 2014.

Carlos Crivelli ndi anzake adachita zofanana ku zilumba za Trobriand, m'dziko lomwelo la Papua New Guinea komwe Ekman adayambira. Nkhope ya maso otong'oka ndi kukamwa koyasama, yomwe mabuku onse amati ndi ya mantha, achinyamata a kumeneko adati ndi ya munthu woopseza, wofuna ndewu. Gulu lomweli lidafikanso kwa Amwani a pa chilumba cha Matemo kumpoto kwa Mozambique, ndipo kumenekonso mayankho adali otalikirana ndi zomwe chiphunzitsocho chimayembekezera. Ngakhale kwa azungu eni ake nkhope yokha imasocheretsa. Mu 2012 Hillel Aviezer adadula zithunzi za akatswiri a mpira wa tenisi pa mphindi yomwe angopambana kapena kugonja. Anthu ataona nkhope zokha sadathe kusiyanitsa wopambana ndi wogonja. Ataona thupi lopanda nkhope adatha.

Bungwe la akatswiri a sayansi ya maganizo lidapempha anthu asanu odziwika, omwe sankagwirizana pa chiyambi, kuti aunike umboni wonse, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 2019. Barrett, Ralph Adolphs, Stacy Marsella, Aleix Martinez ndi Seth Pollak adawerenga malipoti a kafukufuku oposa 1,000. Martinez mwini wake ndi wopanga mapulogalamu owerenga nkhope. Adapeza kuti n'zoona anthu amachita tsinya akakwiya kawirikawiri kuposa mwangozi, koma pa nthawi 100 zomwe munthu wakwiya, tsinya limaoneka nthawi zosakwana 30. Nthawi zinazo amalira, amaseka, amangoti duu. Ndipo tsinya limabweranso munthu akamaganiza, akamamva m'mimba, kapena dzuwa likamuthobwa m'maso.

Mbali inayo sidagonje. Kumapeto kwa 2020 Alan Cowen, Dacher Keltner ndi ofufuza a ku Google adagwiritsa ntchito makina omwewa kuunika mavidiyo 6 miliyoni a pa YouTube ochokera m'maiko 144, n'kupeza kuti nkhope zofanana zimaoneka pa zochitika zofanana, monga maukwati ndi masewera, pafupifupi kulikonse. Barrett adayankha kuti makinawo adaphunzitsidwa ndi anthu a ku India olankhula Chingerezi, osankha pa mndandanda wa maina a Chingerezi, ndiye adapita kukaona dziko lonse ndi maso a gulu limodzi. Mkanganowu ukadalipo. Kuona kwanga n'koti pali ndithu kufanana kwina pakati pa anthu onse, kumwetulira makamaka, koma n'kochepa kwambiri kuti munthu amanidwe ntchito kapena aimitsidwe pa chipata chifukwa cha iko.

Chonsecho n'zomwe zidachitika. Kuyambira 2007 bungwe loona za chitetezo pa mabwalo a ndege ku America lidaika maofesala oyang'ana nkhope ndi machitidwe a apaulendo pofuna kugwira zigawenga, potsamira mwa zina pa maganizo a Ekman. Mu 2013 ofesi yolondoloza ndalama za boma idapeza kuti madola pafupifupi 900 miliyoni adali atapita popanda umboni woti njirayo imagwira ntchito. Mu 2018 sukulu ina ya sekondale ku Hangzhou, m'dziko la China, idaika makamera oyang'ana nkhope za ophunzira masekondi 30 alionse. Kampani ya HireVue ku America inkagulitsa pulogalamu yoyeza nkhope za ofunsira ntchito pa vidiyo, malikisi ake n'kumathandiza kusankha oti aitanidwe.

Kwa ife akhungu lakuda pali chinanso. Mu 2018 Lauren Rhue adatenga zithunzi za osewera mpira wa basketball mu ligi ya NBA, zojambulidwa mofanana, n'kuzipereka ku mapulogalamu awiri a pamsika. Ya Face++ inkaona osewera akuda ngati okwiya kawiri kuposa azungu, ngakhale akumwetulira. Ya Microsoft inkawaona ngati onyoza, makamaka pomwe nkhope sidali yomveka bwino. Chaka chomwecho Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru, pogwiritsa ntchito zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za Rwanda, Senegal, South Africa ndi maiko atatu a kumpoto kwa Ulaya, adasonyeza kuti pa funso losavuta loti uyu ndi mwamuna kapena mkazi, mapulogalamu ena ankalakwa mpaka 34.7 peresenti pa akazi akuda, pomwe pa amuna oyera kulakwa sikunkafika 1 peresenti. Khungu ndi mbali imodzi chabe. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino amazolika pamaso pa wamkulu, ndipo munthu wogwidwa manyazi amatha kuseka pomwe mtima ukumuwawa. Mnyamata wotere akakhala pamaso pa kamera kufunsira ntchito ku kampani yakunja, pulogalamu yophunzitsidwa ndi nkhope za ophunzira a ku Pittsburgh idzamulemba chiyani? Zimandipweteka kuti iye sadzauzidwa n'komwe kuti nkhope yake ndiyo idamugwetsa.

Kubwerera m'mbuyo kudayamba pang'onopang'ono. Mu January 2021 HireVue idalengeza kuti yasiya kuyeza nkhope, patapita nthawi gulu lina loteteza ufulu wa anthu litaidandaulira ku boma. Mu June 2022 Microsoft idalengeza kuti ikuchotsa pa msika mbali ya pulogalamu yake yomwe inkatchula za mumtima, ponena kuti asayansi sagwirizana pa nkhaniyi. Nthawi yomweyo ntchito zomwe zimangodalira kuyeza minofu, zosalumphira ku mtima, zidapitirira kukula mwakachetechete. Ku Australia kuli pulogalamu ya pa foni yotchedwa PainChek yothandiza anamwino kuyeza ululu wa okalamba omwe matenda a muubongo adawalanda mawu. Ku Cambridge ofufuza adaphunzitsa kompyuta mu 2017 kuona ululu pa nkhope za nkhosa, poyang'ana maso ofinyika ndi makutu ogwa. M'galimoto zambiri zatsopano muli kamera yowerenga kuphethira kwa dalaivala ndi kuwerama kwa mutu wake, n'kuliza belu akayamba kuwodzera.

Lamulo la maiko a mgwirizano wa European Union lokhudza makina oganiza, lomwe lidavomerezedwa mu 2024, lidadula malire pafupifupi pamalo omwewa. Kuyambira pa 2 February 2025 n'koletsedwa m'maikowo kugwiritsa ntchito makina olota za mumtima mwa munthu kuntchito ndi m'sukulu, pokhapokha pa zifukwa za chipatala kapena zopewa ngozi, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mayuro 35 miliyoni kapena 7 peresenti ya ndalama zonse zomwe kampani imapeza pa chaka. Olemba lamulolo adafotokoza kuti ululu ndi kutopa sakuziwerengera m'gulu la zoletsedwazo, ndiponso kungoona kuti munthu wamwetulira kapena wachita tsinya si mlandu. Mlandu umayamba pomwe makina anena kuti chifukwa cha tsinyalo, wantchitoyu wakwiyira bwana wake. Apolisi ndi a m'zipata zolowera m'dziko sadaletsedwe. Iwo adangouzidwa kutsatira malamulo okhwima, ndipo chiletsocho sichifika kwa wophunzira kapena wofunsira ntchito ku sukulu kapena kampani yomwe ili kunja kwa malire a maiko 27 amenewo, komwe mapulogalamu omwewo akugulitsidwabe.